Timadziwana, Pepala N'lachiyani?

Pa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya pakati pa mzinda wa Livingstone, katundu wambiri eni ake sakhala pamsikapo. Mvuu ya mtengo wa mlombwa, yopakidwa polishi wa nsapato mpaka kuchita phuliphuli, idasemedwa kumudzi kwa Mukuni, kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndi munthu amene sangathe kubwera m'tauni tsiku lililonse. Iye amaisiya m'manja mwa mnzake wokhala ndi benchi pamsika, n'kupangana pakamwa: ikagulidwa, zakuti n'zanga, zotsalazo n'zako. Mlendo wodzaona mathithi akanenerera mpaka mtengo kutsika ndi theka, kapena akasiya jekete ndi nsapato m'malo mwa ndalama, monga amachitira ena, wosema uja adzangomva zimene wogulitsa adzamuuze.

Malonda otere ayenda zaka zambiri, ndipo kawirikawiri amayenda bwino. Mabanja adya, ana alipiriridwa sukulu. Koma wina akangotulutsa kope ndi bolopeni kuti pangano lilembedwe, nkhope ya mnzake imagwa. “Achimwene, mwayamba kundikayikira? Si timadziwana ife?” Mau omwewa amamveka pogulitsana galimoto ku Dambwa, polemba mtsikana wantchito ku Highlands, pobwereketsana mpamba wa kantemba ku Maramba. Ndipo amamveka mokweza kwambiri awiriwo akakhala a mpingo umodzi.

Zambia ndi dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba adalengeza pa 29 Disembala 1991 kuti ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 mauwo adalowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko. M'dziko lotere nkhani ya pepala siithera ku ofesi ya maloya. Imafika m'tchalitchi, imafika m'chikumbumtima. Kodi kupempha mbale wako kuti asaine ndi kumuchitira chipongwe? Kodi munthu wokhulupirira Mulungu, amene amaona zonse, afunikirabe mboni ya inki?

Anthu a kuno sadayambe kuopa pepala popanda chifukwa. Mu 1890 Litunga Lewanika, mfumu ya Alozi, adasaina chikalata ndi Frank Lochner, nthumwi ya British South Africa Company ya Cecil Rhodes, akuyesa kuti akupangana za chitetezo ndi Mfumukazi Victoria. Chimene chidatuluka m'chikalatacho ndi ufulu wa kampani pa miyala ya pansi pa nthaka, ndipo pasadathe zaka zambiri kampaniyo inali ikulamulira mpaka kumathithi kuno. Pambuyo pake kudabwera msonkho, kudabweranso chitupa chimene mwamuna wachikuda ankayenera kuyenda nacho. Mu 1961, pa nthawi ya zionetsero zofuna ufulu za Cha Cha Cha, anthu adatentha zitupazo poyera. Agogo a anthu a lero pepala adaliona likulanda. Lamulo lenilenilo lidafikanso ngati mlendo. Pa 17 Ogasiti 1911 zigawo ziwiri zimene kampani ija inkalamulira zidaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, likulu lake Livingstone, ndipo mpaka lero malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa tsikulo amagwirabe ntchito m'Zambia, kupatula amene Nyumba ya Malamulo idasintha. N'chifukwa chake mkangano wa galimoto yogulitsidwa ku Libuyu umaweruzidwa potsata Sale of Goods Act ya 1893, imene aphungu a ku London adapanga mzinda wa Livingstone usadamangidwe n'komwe.

Komabe amene amati makolo sankalemba amaiwala chinthu chimodzi chachikulu. Pangano la kumudzi silinali la anthu awiri. Kwa Mukuni mfumu ya Aleya siilamulira yokha: pambali pake pali Bedyango, mayi amene mwambo umampatsa mau pa za nthaka ndi za miyambo, ndipo munthu wopatsidwa malo amapatsidwa anthu akuona. Kwa Achewa nako ukwati wopanda ankhoswe si ukwati, ndipo malire a munda amalozedwa pamaso pa mfumu ndi nduna zake. Mudzi wonse ndiwo unkasunga pangano. Wofuna kulikana ankayenera kutsutsana ndi anthu amene adzamwa nawo madzi a pachitsime chimodzi mpaka imfa.

Tauni idachotsa mboni zija koma idasiya chizolowezi. Livingstone ndi mzinda wa pamalire, wa Atonga, Alozi, Aleya, olankhula Chinyanja ndi Chibemba, anthu obwera ndi kupita. Mafakitale amene ankagwira anthu malo amodzi, monga Livingstone Motor Assemblers yolumikiza magalimoto a Fiat ndi ITT Supersonic yopanga mawailesi, adatsekedwa kale, ndipo boma la Michael Sata lidasamutsira likulu la chigawo ku Choma. Amene adaona ndalama zikuperekedwa chaka chatha, lero ali ku migodi ya Solwezi kapena adaoloka mlatho wa Kazungula. Chotsala ndi pangano losungidwa m'mitu iwiri yokha. Ndipo tsiku la mkangano, mutu umene umamveredwa ndi wa amene ali ndi makiyi, ndalama ndi dzina.

Nkhani ya galimoto imaonetsa zimenezi poyera. M'matakisi a buluu amene Livingstone adadziwika nawo, ndi m'magalimoto ena ambiri ochokera ku Japan odzera ku Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, mu dashibodi mumakhala kajumbo ka pulasitiki. M'katimo muli white book, chikalata cha umwini chimene ku Malawi amati blue book, chopindapinda mpaka m'mapindo kuyamba kung'ambika. Muli fotokope ya chiphaso cha NRC yofufuma moti nkhope siioneka. Muli kalata yogulitsirana yolembedwa pamanja pa tsamba long'amba m'kope la sukulu. Dzina la pa white book si la woyendetsa, si la bwana wake, mwinanso si la amene adagulitsa galimotoyo kwa bwanayo. Galimoto yadutsa m'manja atatu kapena anayi, koma m'kaundula wa RTSA, bungwe loyang'anira za pamsewu limene lidakhazikitsidwa ndi Road Traffic Act ya 2002, mwini wake akadali munthu woyamba uja.

Lamulo limapereka masiku 14 kuti umwini usinthidwe. Anthu amazengereza pa zifukwa zomveka: pali ndalama zolipira, pali kukapimitsa galimoto kupolisi kuti aone ngati si yakuba, pali za msonkho ku ZRA, pali mzere, pali kufunafuna wogulitsa amene foni yake idasiya kupezeka. Koma chachikulu ndi chija: timadziwana, tidzasintha tikapeza mpata.

Mpatawo usadapezeke, galimoto imagunda mwana pamsewu wa ku Nakatindi, ndipo apolisi amagogoda pakhomo pa munthu amene adaigulitsa zaka zitatu zapitazo. Kapena zimadziwika kuti galimotoyo idabedwa kutsidya la malire, ndipo lamulo la 1893 lija limati kawirikawiri munthu sangapatse mnzake umwini umene iye mwini alibe. Wogula, ngakhale adalipira ndi mtima woyera, amatsala chimanjamanja. Koma chopweteka kwambiri chimadza ndi maliro. Intestate Succession Act ya 1989 idapangidwa kuti ithetse nkhanza yolanda chuma cha masiye: munthu akamwalira osasiya wilo, 20 peresenti ya chuma ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 ya ana, 20 ya makolo, 10 ya ena amene ankadalira malemuyo. Lamulo labwino. Koma limagawa chuma chimene chikudziwika kuti chinali cha malemu. Takisi imene bambo adagula kwa mkulu wawo, osasintha dzina poopa kuoneka ngati akukayikira m'bale, imatuluka pa geti tsiku lotsatira maliro, mlamu akunena kuti, “Mlamu, galimoto iyi mng'ono wanga ndidangomubwereka.” Mayi wamasiye amadziwa zoona, chifukwa ndalama zina zidachokera ku chilimba chake, chipereganyu cha ku Zambia. Alibe pogwira.

Bambo ujayu ankaganiza kuti akulemekeza chibale. Amene adalipira ulemu umenewo ndi mkazi wake ndi ana ake, anthu amene sadafunsidwe.

Palinso pangano lofala pakati pa eni matakisi ndi madalaivala, lakuti dalaivala azipereka kashing'i sabata iliyonse, ndipo pakatha nthawi yakuti galimoto idzakhala yake. Ndi njira yabwino imene yathandiza anyamata ambiri kukhala ndi chawochawo. Koma ikakhala ya pakamwa, mafunso ovuta amadikira kutsogolo. Injini ikafa, akonze ndani? Sabata imene dalaivala wagona m'chipatala iwerengedwa? Akalephera kwatsala miyezi iwiri, zimene adapereka kale zibwerera, kapena zisanduka lendi? Mwini galimoto akangolanda makiyi, dalaivala amapulumukira mauthenga a Airtel Money kapena MTN amene adatsala m'foni, poti makhothi amalandira mauthenga otere ngati umboni. Wopereka ndalama pamanja alibe ngakhale chimenecho.

Tsono Malemba amati chiyani? Amene amayesa kuti kulemba ndi kuchepa kwa chikhulupiriro ayenera kuima kaye pa chaputala 32 cha buku la Yeremiya. Yerusalemu wazingidwa ndi ankhondo a ku Babulo, mneneri ali m'ndende m'bwalo la alonda, ndipo Mulungu amuuza kuti agule munda ku Anatoti. Wogulitsa si mlendo ayi: ndi Hanameli, mwana wa mbale wa atate ake. Ngati padakhalapo malonda oyenera kuthera pakamwa, ndi amenewa, a pachibale, olamulidwa ndi Mulungu mwini, pa nthawi imene mzinda unali pafupi kugwa. Koma Yeremiya adayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, adalemba chikalata, adaitana mboni kuti zisaine, adapanga makalata awiri, ina yomata ndi ina yosamata, n'kuuza Baruki kuti awasunge mu mtsuko wadothi kuti akhalitse. M'nkhaniyo chikalata ndicho chizindikiro cha chikhulupiriro: mneneri akulemba chifukwa akukhulupirira kuti kudzakhala mawa, ndi kuti kudzakhala ana odzafunsa za mundawo.

Abrahamu naye, pofuna manda a Sara, adakana kulandira phanga la Makipela ngati mphatso ya pakamwa. Adayezera Efroni, mwini phangalo, masekeli 400 pa chipata cha mzinda, Ahiti onse akumva. Kwa Asilamu nkhaniyi n'njoonekeratu: ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu sura ya Al-Baqara, imalamula kuti ngongole ya nthawi yoikika ilembedwe, pakhale mboni, ndipo wonena mau oti alembedwe akhale wokongolayo, osati mwini ndalama. Mfundo yotsirizayi ndi yakuya. Cholembera chikuperekedwa ku mbali yofooka.

Pali otsutsa, ndipo mau awo si opepuka. Amati Yesu, pa chaputala 5 cha Mateyu, adaletsa malumbiro, nafuna kuti mau a wophunzira wake azikwanira paokha. Amatinso Paulo adadzudzula Akorinto chifukwa chotengerana ku makhothi a anthu akunja. Kwa iwo, mpingo umene abale amasainitsana wavomereza kale kuti chikondi chidazirala. Ndipo n'zoona kuti dziko limene munthu sangabwereke khasu popanda fomu lingakhale dziko lozizira, losakhalika.

Koma lamulo la Yesu lija lidaikidwa pa wolankhula. Limamuuza kuti azinena zoona. Silimpatsa ufulu woumiriza mnzake kukhala wopanda chitetezo. Munthu amene mau ake sasintha sataya kanthu mauwo akalembedwa. Ndiponso mikangano yambiri siiyamba ndi wakuba. Imayamba ndi anthu awiri oona mtima amene akukumbukira mosiyana, wina akuti tidati miyezi 18, wina akuti zaka ziwiri, aliyense wokonzeka kugwira Baibulo. Anthu oona mtima amaiwala, amadwala, amafa. Za Paulo, iye adafunsa ngati pakati pa Akorinto panalibe munthu wanzeru woweruza abale ake. Mkulu wa mpingo wanzeruyo adzaweruza ndi chiyani, akapatsidwa mau awiri otsutsana popanda mboni? Tsamba limodzi la m'kope laletsa milandu yambiri kufika kukhothi kuposa maulaliki ambiri a za kukhululukirana.

Pa nkhani ya ntchito m'pamene mau oti timadziwana amabisa zambiri. Mtsikana wochokera kumudzi amafika pa nyumba m'tauni, n'kuuzidwa kuti akhala ngati mwana wa m'nyumbamo. Mnyamata amagulitsa m'shopu ya amalume ake a kutchalitchi, malipiro ake osatchulidwa. Amuna a m'midzi ya kwa Mukuni amasenza mabwato ndi katundu wa alendo kukwera nazo phompho la Batoka, ntchito yodalira nyengo ya madzi ndi kuchuluka kwa alendo. Employment Code Act ya 2019 siikana pangano la pakamwa. Imati kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ilembedwe. Ikakhala ya pakamwa, bwana asunge kaundula wa zimene adapangana, wantchito apatsidwe kope lake. Ndipo pali mfundo imene mabwana ambiri saidziwa: pakabuka mkangano, bwana n'kulephera kuonetsa kaundulayo, mau a wantchito ndiwo amalandiridwa ngati umboni wa panganolo, pokhapokha bwanayo atatsimikiza kuti si choncho. Lamulo lomweli limaletsa kugwiritsa munthu ntchito yokhazikika ngati waganyu chaka ndi chaka, limaletsanso kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka ndi popanda kumumva mbali yake.

Aphungu amene adalemba mfundo ya kaundulayo adazindikira chimene Mose adazindikira kale, kuti pa pangano la ntchito anthu awiriwo salingana. Levitiko 19 amaletsa kusunga malipiro a waganyu mpaka m'mawa, ndipo Deuteronomo 24 amalamula kuti alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisadalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa malipirowo. Kalata ya Yakobo imanena za malipiro obedwa kwa okolola ngati chinthu chimene chimafuula mpaka Mulungu kumva. Palibe paliponse pamene Malemba amalola kuti chikondi chilowe m'malo mwa malipiro. Mwana weniweni wa m'nyumba amalipiriridwa sukulu, amadzalandira gawo pa chuma cha masiye. Amene amatchedwa mwana pa nthawi yochapa ndi kukolopa yokha, n'kukhala wantchito pa tsiku lothamangitsidwa, wamanidwa zonse ziwiri.

Chaka cha 2020 chidaulula zambiri. Mu Malichi boma lidalamula kuti ndege zochokera kunja zizitera ku Lusaka kokha, bwalo la ndege la kuno la Harry Mwaanga Nkumbula lidachita zii, malo ogona alendo adatseka. Onse adavutika. Koma wantchito amene anali ndi kontrakiti ndi nambala ya NAPSA, bungwe la penshoni, anali ndi poyambira kukamba. Ndipo pamene lamulo la 2023 lidalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni, ena adapita kukafunsa n'kupeza kuti dzina lawo silidalembetsedweko chiyambire.

Pano mpofunika kunena mwachilungamo kuti pepala silimaliza ntchito ya chikumbumtima. Mu Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba adakwezedwa kufika pa K1,300 pamwezi. M'chaka chomwecho bungwe la Akatolika la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi ndi mwezi limawerengera mtengo wa zofunika pa moyo m'matauni angapo kuphatikizapo Livingstone, lidapeza kuti banja la anthu asanu ku Lusaka likufunika ndalama zoposa K10,000. Bwana wolipira K1,300 sadalakwire boma. Kaya sadalakwire Mulungu ndi funso lina. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, adaphunzitsa kuti kuvomerezana kwa bwana ndi wantchito sikukwanira kuyeretsa malipiro: munthu wovomera zochepa chifukwa cha njala kapena mantha wachitiridwa nkhanza, ngakhale adavomera yekha. Siginecha ya munthu wanjala ndi umboni wa zimene adapangana, osati wa chilungamo chake.

Mabwana ambiri a kuno si eni mahotela. Ndi mphunzitsi amene walemba wolera mwana kuti iye athe kupita kuntchito, ndi mayi wa saluni ya mipando iwiri, ndi mwini takisi imodzi. Kwa iwo mndandanda wa boma ndi wautali: kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, kutenga TPIN ku ZRA, kulipira ku khonsolo, kupereka 5 peresenti ku NAPSA pamwamba pa 5 ya wantchito, 1 peresenti ku NHIMA ya inshuwalansi ya zaumoyo, osaiwala thumba la chipukutamisozi cha ovulala pantchito. Wodandaula kuti katunduyu ndi wolemera kwa kabizinesi kopeza zochepa ali ndi mfundo, ndipo boma liyenera kumumva. Koma umphawi wa bwana sumuletsa kunena momveka kuti ndidzakulipira zakuti, pa tsiku lakuti, n'kuzilemba. Zimenezo sizilira ndalama. Ndipo pepala limatetezanso iye. Anthu awiri oyambitsa bizinesi limodzi osalemba kanthu amagwera m'manja mwa Partnership Act ya 1890, imene imati popanda pangano lina phindu ligawidwe mofanana, ngakhale wina adaika mpamba wochuluka, ndipo ngongole ya bizinesiyo ikhoza kutsata aliyense wa iwo mpaka kunyumba. Ambiri sadziwanso kuti kulembetsa dzina la bizinesi sikulekanitsa chuma cha munthu ndi ngongole za bizinesi yake. Chimene chimalekanitsa ndi kampani.

Chenjezo la agogo lija, loti pepala limalanda, silidathe ntchito. Aliyense wodziwa kaloba, katapila wa ku Zambia, amadziwa mchitidwe uwu: munthu wapanikizika ndi fizi kapena matenda, wapita kukakongola, ndipo wobwereketsa akumuuza kuti asiye white book ndi kusaina kalata yonena kuti wagulitsa galimoto. “Bambo, musaope, n'zongosungira izi.” Akachedwa kubweza, kalata ija imatuluka, ndipo galimoto ya ndalama zambiri yapita pa ngongole yochepa. Pano pepala lilipo, losainidwa bwinobwino, koma likunena bodza. Money-lenders Act imati chiwongoladzanja choposa 48 peresenti pachaka chiyesedwe chopyola muyeso, pamene wa kaloba amafuna zotere pa mwezi umodzi. Makhothi ali ndi mphamvu yoyang'ana kuseri kwa kalata yotere, koma wokongolayo ayenera kubwera ndi umboni wakuti inali ngongole. Chilamulo cha Mose chidaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, chifukwa kutero ndi kutenga moyo wake. Kwa dalaivala wa ku Livingstone, takisi ndiyo mphero imeneyo.

Choncho pepala lofunika si lililonse. Ndi lonena zimene zidachitikadi, lowerengedwa mokweza m'chilankhulo chimene onse awiri amamva, kaya Chitonga, Chilozi kapena Chinyanja, poti malamulo a dziko lino adalembedwa m'Chingerezi chimene ngakhale ophunzira amachita nacho thukuta. Ndi la makope awiri, limodzi n'kukhala m'manja mwa wofookayo. Ndi lokhala ndi mboni zosadya kwa mbali imodzi. Likhale ndi maina ndi manambala a NRC, ndalama ndi masiku ake, wokonza injini ikafa, ndi zodzachitika mmodzi akamwalira. Pangano lotere likubwezera m'tauni chimene bwalo la kwa Mukuni lidali nacho kale, anthu ena odziwa zimene zidanenedwa.

Mipingo ndiyo ili pamalo abwino kuposa aliyense kuthandiza pa zimenezi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti yambiri imangokhala chete. Palibe bungwe lolemba mosamala ngati mpingo. Ubatizo umalembedwa, ukwati umalembedwa, chakhumi chili ndi khadi lake, chopereka chimawerengedwa ndi anthu awiri kapena atatu, msungichuma n'kusaina. Palibe amene amati kuwerenga mbale ya chopereka pamaso pa mboni ndi kusakhulupirira madikoni. Mlembi wa mpingo yemweyo angathe kukhala pansi ndi abale awiri ogulitsana galimoto Lamulungu masana, n'kuwalembera tsamba limodzi, n'kuwakumbutsa kuti Lolemba alawire ku RTSA.

M'malo mwake zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti wantchito akachotsedwa ndi bwana wa mpingo wake, amauzidwa kuti adekhe, aipempherere nkhaniyo, akulu a mpingo akambirana ndi abwanawo. Kuyanjanitsa n'kwabwino, ndipo nkhani zambiri zimatheradi pomwepo. Koma woyanjanitsa woona amauzanso wofookayo kuti kuli ofesi ya zantchito imene imamva madandaulo otere, kuti kuli Legal Aid Board ya anthu osatha kulipira loya, ndi kuti dandaulo lopita ku nthambi ya High Court yoona za ntchito liyenera kawirikawiri kuperekedwa pasadathe masiku 90. Masiku amenewo amawerengedwa ngakhale pamene abusa akudikira kuti abwana abwere kuchokera ku ulendo.